Cyano wofiira m'thanki ya makorali: mankhwala, mdima, kapena paipi ndi kuleza mtima?

Aliyense amene amasunga makorali m'thanki ya madzi amchere amadziwa kabweredwe ka cyano, yemwe dzina lake lonse ndi cyanobacteria. M'mawa magetsi a thanki asanayake, mchenga umaoneka woyera bwinobwino. Pofika masana kachigamba kofiirira kaoneka pamalo pomwe madzi sayenda kwenikweni, kuseri kwa mwala kapena m'munsi mwa galasi lakutsogolo. Dzuwa likamapendeka kachigamba kaja kakula, kakuta mchenga, kayamba kukwera pamiyala, ndipo pamwamba pake pali tithovu ta mpweya tonyezimira. Mukakapemerera madzi ndi pampu kamasendeka konse nthawi imodzi, kopyapyala, koterera, ndipo mukakatulutsa kunja kamanunkha dothi lonyowa. Usiku kamachepa mpaka munthu n'kuganiza kuti zatha, koma mawa lake masana kabwereranso pomwepo.

Njira zolimbana naye ndi zambiri, ndipo iliyonse ili ndi anthu oikhulupirira ndi mtima wonse. Ena amati thirani mankhwala a Chemiclean, pakatha masiku awiri muiwale. Ena amati phimbani thanki masiku atatu. Ena amati vuto ndi phosphate basi, chimodzi mwa zomwe zimatsala m'madzi zinyalala zikawola. Ine mbali yanga sindibisa: njira zachangu zimachotsa chofiiracho m'maso mwanu koma sizisintha chomwe chinachiitana, ndipo choopsa kwambiri si cyano yekha ayi, ndi zomwe zimabwera m'malo mwake mukam'chotsa mothamanga. Komabe pali nthawi yomwe mankhwala ndiwo oyenera, ndipo ndifotokoza nthawi yake.

Musanasankhe, tsimikizani kuti ndi iyeyo

Ngakhale ambiri amam'tchula kuti ndere yofiira, cyanobacteria ndi mabakiteriya omwe amapanga chakudya chawo pogwiritsa ntchito kuwala. Ndi akale kwambiri padziko: makolo awo ndiwo anadzaza mlengalenga ndi okosijeni zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo. Tithovu tomwe mumaona pachigamba chija masana ndi okosijeni yemweyo. Kufiirako kumachokera ku utoto wotchedwa phycoerythrin, womwe umawathandiza kugwira kuwala kobiriwira ndi kobuluwira, n'chifukwa chake kungotembenuza magetsi anu kukhala abuluu okhaokha sikuwapha ndi njala. Mitundu yomwe timakumana nayo kawirikawiri ndi ya m'magulu a Oscillatoria, Phormidium ndi Lyngbya. Ali kale m'thanki iliyonse, anabwera ndi miyala, ndi makorali, ndi madzi a m'thumba lomwe munabweretsera nsomba. Kuwathetseratu n'kosatheka. Funso lenileni n'lakuti, bwanji panopa akugonjetsa zamoyo zina zonse zomwe zimalimbirana nawo malo pamchenga?

Pali adani awiri omwe amafanana naye. Ma diatom ndi fumbi labulauni lomwe limabwera m'thanki yatsopano chifukwa cha chinthu chosungunuka m'madzi chotchedwa silicate, ndipo limatha lokha. Ma dinoflagellate, omwe tonse timangoti dino, ndi nkhani ina: abulauni, onanda, a timizere italiitali tokhala ndi tithovu kumapeto, ndipo mitundu ina monga Ostreopsis ili ndi poizoni yemwe amapha nkhono. Kuwasiyanitsa n'kosavuta. Tengani pang'ono m'kabotolo, khutchumulani mpaka zisweke, sefani ndi pepala losefera khofi, kenaka ikani madziwo pamalo owala. Ngati pakatha ola limodzi kapena awiri zaunjikananso n'kupanga timizere tonanda, ndi dino. Amene ali ndi maikulosikopu, ngakhale yotchipa ya ana asukulu, amaona bwino koposa: cyano ndi tiulusi topyapyala tomwe timaseseleka pang'onopang'ono, pomwe dino ndi timaselo tozungulira tomwe timasambira kapena kuzungulira pamalo amodzi. Izi n'zofunika chifukwa mankhwala a cyano sagwira dino, amangom'chotsera wopikisana naye.

Ndipo musagwire ndi manja osavala kanthu. Ku Moreton Bay, pafupi ndi Brisbane ku Australia, Lyngbya majuscula wakhala akuchuluka kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo asodzi omwe amam'khudza pamaukonde amatuluka zidzolo zowotcha pakhungu. Si mtundu uliwonse wa m'thanki womwe uli ndi poizoni wotero, koma magolovesi ndi otchipa. Kwa makorali nako si nkhani ya maonekedwe chabe. Matenda a mzere wakuda omwe Arnfried Antonius anafotokoza mu 1973 ataona makorali a ku Belize amatsogoleredwa ndi cyanobacteria, ndipo mzerewo umadya mnofu wa korali mamilimita angapo pa tsiku. Wa m'thanki mwanu nthawi zambiri si mtundu umenewo, koma akakuta makorali ofewa otchedwa zoanthid kapena tsinde la korali aliyense, pansi pa chigambacho usiku okosijeni amatheratu ndipo mnofu umawola.

Paipi, pampu ndi dzanja lopatsa chakudya

Iyi ndi njira yomwe palibe amene amaitsatsa, chifukwa mulibe botolo loti agulitse. Tengani kapaipi kakang'ono, kaja kolumikizira pampu ya mpweya, mukoke chigambacho madzulo magetsi asanazime, nthawi yomwe chakhuthala kwambiri. Kapaipi kakang'ono kamanyamula cyano osatenga mchenga wambiri. Ngati mchere ukukudulirani, musataye madziwo: adutsitseni m'kathumba kosefera kolimba n'kuwabwezera mu sump, thanki yosefera ya pansi pa thanki yaikulu. Chilichonse chomwe mwatulutsa chapita ndi nitrogen ndi phosphorus yemwe anali m'thupi mwake, pomwe cyano wofera m'thanki amabwezera zonsezo m'madzi. Apa ndi pomwe njirayi imaposera zina zonse.

Kenaka yang'anani pomwe chigamba chimayambira tsiku lililonse. Pamenepo ndi pomwe zinyalala zimagwera. Ponyani chakudya pang'ono m'madzi muone komwe chikukakhazikika, ndipo mupeza kuti ndi malo omwewo. Nthawi zambiri simufunika pampu yatsopano ya Tunze kapena VorTech, mungofunika kutembenuza yomwe muli nayoyo, kapena kuitsuka, chifukwa pampu yomata ndere ndi laimu imakankha madzi ochepa kuposa mmene inkachitira ili yatsopano. Pemererani miyala kawiri kapena katatu pa mlungu kuti zinyalala za m'maenje zituluke zipite ku sefa. Tithumba tosefera tichapidwe pakapita masiku awiri kapena atatu alionse, apo ayi tasanduka nkhokwe ya zowola. Mysis wouma ndi chisanu (timashrimp todyetsa nsomba) musungunuleni, mutaye madzi ake, ndipo mupatse nsomba pang'onopang'ono kuti chilichonse chidyedwe chisanafike pansi. Madzi owonjezera akhale a RO/DI, kutanthauza osefedwa ndi makina mpaka kuyera, omwe mita ya TDS, yoyeza zosungunuka m'madzi, ikuwerenga 0. Chakudya cha makorali cha ufa komanso ma amino acid muyambe mwasiya kaye, chifukwa cyano amazilandira ndi manja awiri.

Kuipa kwake n'kumodzi, koma n'kwakukulu: imachedwa. Mlungu woyamba mumakoka lero, mawa chabwerera, ndipo mtima umagwa. Kusintha kumayamba kuoneka pakapita milungu ingapo, chigamba chikayamba kubwera mochedwa masana komanso chopyapyala. Ambiri amatopa asanafike pamenepo, n'kugula mankhwala. Koma ndi njira yokhayo yomwe singaphe kalikonse m'thanki mwanu, ndipo ngakhale mutasankha njira ina, iyi muichitabe.

Kutsitsa nitrate ndi phosphate, kapena kuzikweza?

Apa ndi pomwe pali mkangano weniweni, ndipo ndi pomwe matanki ambiri amawonongekera. Langizo lakale linali lakuti cyano amabwera chifukwa madzi ndi akuda, choncho tsitsani zonse mpaka ziro: ikani GFO, timibulu toyamwa phosphate, monga RowaPhos, thirani vodika kapena viniga kapena NO3:PO4-X wa Red Sea kuti mabakiteriya adye nitrate (yemwe nayenso amachokera ku zinyalala zowola), sinthani madzi ambiri. M'thanki yakale yodzaza nsomba, momwe nitrate wadutsa 30 ppm (pafupifupi mamiligalamu 30 pa lita) ndipo phosphate ali pa 0.3 kapena kuposa, langizoli lili ndi nzeru, bola muchite pang'onopang'ono. Kugwetsa phosphate mwadzidzidzi ndi GFO wambiri kumachititsa makorali olimba a timitu tating'ono otchedwa SPS kusenda mnofu kuyambira kunsonga kapena patsinde.

Koma matanki ambiri a masiku ano sali choncho. Amayamba ndi miyala youma yopanda chamoyo chilichonse, skimmer wamkulu (makina ochotsa zinyalala m'madzi pogwiritsa ntchito thovu), nsomba zochepa, ndipo mukayeza mumapeza nitrate 0, phosphate 0, koma cyano ali mbwee. Mwini wake amadabwa, n'kuwonjezera GFO. Chomwe chikuchitika n'chakuti chigambacho sichidalira madzi omwe mwayezawo. Chagona pamchenga ndipo chikuyamwa phosphate yemwe akutuluka m'zinyalala za pansi pake asanafike n'komwe m'madzi. Mitundu ina ya cyanobacteria imathanso kutenga nitrogen kuchokera mumpweya wosungunuka m'madzi, zomwe ndere wamba singathe. Ndiye mukatsitsa zonse mpaka ziro, amene mwam'pha ndi njala ndi wopikisana naye uja: ndere yabwino, mabakiteriya a pamiyala, ngakhale makorali enieniwo. N'chimodzimodzi munda womwe mwaupalira mpaka dothi lokha n'kusadzalamo kanthu, chomera choyamba kubwera sichikhala chomwe mumafuna. Ndipo m'thanki ya ziro, chomwe chimabwera pambuyo pa cyano kawirikawiri ndi dino, yemwe angakuvutitseni miyezi.

Vodika ndi viniga zili ndi vuto lake lapadera. Ndi chakudya cha mabakiteriya, ndipo cyano naye ndi bakiteriya. Ambiri amaona chofiiracho patangopita milungu yochepa chiyambireni kuthira. Ngati ndi mmene zinayambira kwa inu, chepetsani mlingo ndi theka muone, musasiye mwadzidzidzi.

Mudzamvanso anthu akutchula chiwerengero cha Redfield, kuti nitrogen ndi phosphorus zikhale 16 kwa 1. Alfred Redfield anapeza chiwerengerochi mu 1934 poyeza tizamoyo toyandama m'nyanja zikuluzikulu, ndipo ankawerenga maatomu, osati ma ppm a pa kiti yanu yoyezera. Mukachisandutsa ma ppm a nitrate ndi phosphate chimakhala pafupifupi 10 kwa 1, pomwe matanki ambiri okongola amayenda pa 100 kwa 1 popanda vuto. Kuthamangitsa chiwerengero chimenechi ndi kutaya nthawi. Chomwe ine ndimayang'ana n'chakuti zonse ziwiri zioneke poyeza ndipo zisamadumphedumphe: nitrate pakati pa 5 ndi 10 ppm, phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1. Phosphate wochepa chonchi maso sangamuone bwino pa khadi la mitundu, mpofunika kachipangizo ka Hanna koyezera milingo yotsika. Nitrate kiti ya Salifert imakwanira. Ngati chimodzi chili pa ziro, chotsani GFO, chepetsani mphamvu ya skimmer, onjezani chakudya cha nsomba pang'ono, ndipo zikakanika thirani NeoNitro kapena NeoPhos wa Brightwell Aquatics pang'onopang'ono. Zimamveka zosemphana ndi nzeru kuthira nitrate m'thanki yomwe ikumera zonyansa, koma kwa thanki ya ziro ndiwo mankhwala ake.

Chemiclean, Red Slime Remover ndi erythromycin

Tinene zoona, Chemiclean wa Boyd Enterprises amagwira ntchito. Mumathira kasupuni kamodzi kamene kamabwera m'botolomo pa magaloni 10 alionse, omwe ndi malita pafupifupi 38, mumachotsa makala osefera, mumazimitsa nyale ya UV yophera tizilombo ndi makina a ozone, mumadikira maola 48, kenaka mumasintha madzi 20 peresenti. Tsiku lachiwiri chigamba chija chatuwa, chayamba kunyenyeka, ndipo tsiku lachitatu mchenga uli mbee. Red Slime Remover wa UltraLife amayenda mofanana. Kampani ya Boyd siulula chomwe chili mu ufawo, imangolemba kuti mulibe erythromycin succinate. Makorali ambiri amapirira, ena amangofota pang'ono masiku awiriwo.

Ngozi yake ndi okosijeni, ndipo apa ndikufuna mumvetse bwino anzanga, chifukwa nsomba zomwe zimafa pa nthawi ya mankhwalawa zambiri zimafa ndi kubanika. Madzi amchere amasunga okosijeni wochepa kale: pa kutentha kwa madigiri 25 amasunga pafupifupi mamiligalamu 6.7 pa lita, pomwe madzi opanda mchere amasunga 8.3. Tsopano mwapha mabakiteriya ochuluka nthawi imodzi, akuwola, ndipo kuwolako kukudya okosijeni. Skimmer, yemwe masiku onse amalowetsa mpweya wambiri, wayamba kusefukira thovu chifukwa cha mankhwalawo, ndipo ambiri amangomuzimitsa. Usiku magetsi azima, palibe chomwe chikupanga okosijeni. M'mawa mupeza nsomba zikupuma mwabefu pamwamba pa madzi, kapena zagona pansi. Choncho mwala wotulutsa mpweya ndi wokakamiza. Skimmer musamuzimitse, ingochotsani kapu yake kuti thovu lizibwerera mu sump. Pampu imodzi iloze pamwamba kuti madzi azigwedezeka. Powerengera mlingo, chotserani malo omwe miyala ndi mchenga zatenga, chifukwa thanki yolembedwa malita 300 mwina ili ndi madzi okwana malita 240 okha. Ndipo musanathire, kokani ndi paipi cyano yense amene mungathe, kuti wofera m'madzi akhale wochepa.

Kwa ife okhala kumene magetsi amazimazima, kaya ku Johannesburg, ku Lusaka kapena ku Lilongwe, pali funso loti muyankhe musanatsegule botolo: magetsi akazima maola anayi usiku woyamba, thanki ipuma bwanji? Ngati mulibe inivata kapena kapampu ka mpweya koyendera mabatire, mankhwalawa asiyeni kaye. Ganiziraninso za mchere. Kusintha 20 peresenti ya thanki ya malita 200 ndi malita 40, omwe amadya mchere pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo nthawi zina pamafunika kusintha kawiri skimmer asanakhazikike. Kwa munthu wa ku Durban kapena ku London amene shopu ili pafupi, n'zazing'ono. Kwa amene mchere wake umachita kuitanitsidwa kunja, ukhale ulipo kale m'nyumba, wosungunula kale m'chidebe.

Nanga erythromycin? Ameneyu ndi mankhwala a anthu omwe tonse timawadziwa ku famase. Amaletsa mabakiteriya kupanga mapuloteni, ndipo cyano amafa nawo. Ku America wakhala akugulitsidwa m'mashopu a nsomba, pomwe ku Britain ndi ku South Africa amafuna chikalata cha dokotala. Ine ndimakana, ndipo ndimakana mwamphamvu. Sasankha woti aphe: amasesa mabakiteriya ambiri a pamiyala ndi m'mchenga omwe thanki yatenga miyezi kuti iwakulitse, ndipo muyenera kuyeza ammonia, poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba, tsiku ndi tsiku pambuyo pake. Cyano wopulumuka akabwerera, mwina mlingo womwewo sungagwirenso bwino. Ndipo madzi omwe mwasinthawo mumawathira m'ngalande, mankhwala ali momwemo, pomwe madokotala kulikonse akudandaula kuti tizilombo tikusiya kumva mankhwala. Kutenga mapiritsi omwe amayenera kuchiza chibayo cha mwana n'kuwathira m'thanki chifukwa mchenga wafiira, zimenezo ayi.

Pakati pa atatuwa ndiye Chemiclean kapena Red Slime Remover, ndipo nthawi yake ndi imodzi: pamene cyano wakwera pamakorali, mukum'chotsa m'mawa koma pofika madzulo wawakutanso, ndipo mnofu wayamba kutuwa. Pamenepo kudikira milungu inayi ndi kutaya makorali. Thirani, muwapulumutse. Koma yezani kaye. Ngati nitrate kapena phosphate ali pa ziro, mukweze kaye musanathire, chifukwa mchenga woyera womwe mudzaone tsiku lachitatu ndi malo opanda mwini, ndipo dino amadikira nthawi yoteroyo.

Mdima wa masiku atatu

Njira iyi ndi yaulere, ndipo n'chifukwa chake imakopa. Mumazimitsa magetsi a thanki, n'kuikuta ndi makatoni kapena mapepala akuda a pulasitiki kuti ngakhale kuwala kwa pawindo kusalowe, kwa maola 72. Mukavundukula mchenga umakhala woyera. Makorali ambiri amapirira masiku atatu, popeza ngakhale m'nyanja kumagwa mitambo ndi mphepo yamkuntho masiku angapo.

Koma zamoyo zomwe zakhala padziko zaka mabiliyoni siziopa masiku atatu a mdima. Zimangochepa, zina zimalowa m'mchenga, ndipo magetsi akayaka zimayambiranso mlungu womwewo kapena wotsatira, ngati china chilichonse sichinasinthe. Mdima ulinso ndi mavuto ake: pH imatsika, okosijeni amachepa, makamaka ngati mwakuta ndi pamwamba pomwe, ndipo anemone, kanyama kofanana ndi duwa, akasowa kuwala amanyamuka kukafunafuna, n'kukathera m'kamwa mwa pampu muli mumdima momwemo inu osaona. Amene ali ndi Tridacna (nkhono yaikulu ya zigoba ziwiri) kapena korali wa Acropora yemwe wafooka kale asayese n'komwe. Phindu lake ndimaliona pokhapokha mutaliphatikiza ndi njira yoyamba ija: kokani ndi paipi, konzani kayendedwe ka madzi, phimbani masiku atatu pamwamba pali potsegula, kenaka yatsani magetsi pa theka la mphamvu n'kumakweza pang'onopang'ono kwa mlungu wonse. Mukatero mwapatsa zamoyo zina mpata woyamba kumera. Ndipo ngati thanki yanu imawombedwa ndi dzuwa la pawindo madzulo, katani yokha ingakuthandizeni kuposa mdima wa masiku atatu. Amene akugwiritsabe ntchito machubu a T5 akumbukire kuti akadutsa chaka kuwala kwake kumasintha.

Zina zomwe mudzamve

Hydrogen peroxide wa 3 peresenti, yemwe uja wotsukira mabala, ali ndi maziko enieni: cyanobacteria amafa naye msanga kuposa ndere, ndipo ku Netherlands anamugwiritsapo ntchito m'nyanja zing'onozing'ono zomwe zinadzaza cyanobacteria. M'thanki ambiri amathira mililita imodzi pa magaloni 10 tsiku lililonse. Amathandiza pa tizigamba tochepa mukam'thira ndi jakisoni wopanda singano pomwepo, mapampu atazimitsidwa kwa mphindi zingapo. Koma ma shrimp a mtundu wa Lysmata, aja otsuka nsomba, samupirira bwino. Ngati muli nawo, siyani.

Mabotolo a mabakiteriya monga MicroBacter7 wa Brightwell, Waste-Away wa Dr. Tim's ndi CyanoClean wa Korallen-Zucht amagulitsidwa ndi ganizo lakuti abweretse opikisana ndi cyano. Ganizolo ndi labwino, zotsatira zake zimasiyanasiyana thanki ndi thanki, ndipo botolo likatha mumagulanso lina. Ndimawaona othandiza kwambiri pambuyo pa mankhwala kuposa pa nthawi yomwe chigamba chakuta ponseponse. Waste-Away nayenso amatsitsa okosijeni mukachulutsa. Kwa thanki yomwe inayamba ndi miyala youma, kachidutswa ka mwala wamoyo kochokera m'thanki yakale yathanzi, yopanda tizilombo toononga, kamabweretsa zamoyo zamitundumitundu kuposa botolo lililonse.

UV sagwira chomwe chamata pamchenga, amapha chodutsa m'chubu mwake chokha, choncho ndi chida cha dino wa Ostreopsis uja, osati cha cyano. Nkhono nazo musaziyembekezere zambiri. Trochus ndi cerith zimanyambita m'mbalimbali, conch wa mtundu wa Strombus amatakasa pamwamba pa mchenga n'kulepheretsa chigamba kukhazikika, koma palibe nkhono yomwe ingamalize thanki yofiira, ndipo kugula nkhono makumi awiri nthawi imodzi kumathera m'nkhono zakufa ndi njala zomwe zimadyetsa cyano yemweyo. Chaetomorpha, ndere yobiriwira yomwe ena amasunga mu sump, ndi wabwino m'thanki ya nitrate wokwera, koma m'thanki ya ziro amangolanda chochepa chomwe chatsala, ndipo kawirikawiri cyano amasamukira pa iye.

Thanki yanu ndi iti?

Thanki ya miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yomwe inayamba ndi miyala youma ikudutsa m'nyengo yomwe pafupifupi aliyense amadutsamo: ma diatom, kenaka cyano, kenaka ndere yobiriwira. Imeneyi musaithire kanthu. Paipi, pampu, kuyeza, ndi kuonetsetsa kuti nitrate ndi phosphate sizili pa ziro. Mankhwala pa msinkhu umenewu amabwezera m'mbuyo kukhwima kwa thanki.

Kathanki kakang'ono ka malita 40 kapena 60 ndi komwe mankhwala ali oopsa kwambiri, chifukwa kulakwitsa kasupuni pang'ono kumasintha mlingo kwambiri, ndipo okosijeni amatha msanga. Mwayi wake n'ngwakuti paipi imamaliza mchenga wonse m'mphindi khumi, ndiye palibe chifukwa chenicheni chofunira botolo.

Thanki ya zaka zitatu kapena zinayi yomwe inali bwinobwino kenaka yafiira mwadzidzidzi ikukuuzani kuti china chasintha. Fufuzani: utomoni wa DI wa m'makina osefera madzi owonjezera watha ndipo TDS yakwera, pampu ina yafooka, nsomba kapena nkhono yaikulu yafera kuseri kwa miyala, mwayamba chakudya chatsopano cha makorali, kapena makorali akula mpaka kutchinga madzi. Ngati zonsezi zili bwino, wotsala ndi mchenga, womwe wakhala ukusunga zinyalala zaka zonsezi. Muutsuke ndi paipi yaikulu yokokera mchenga, koma kachigawo kamodzi pa mlungu, gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi a pansi pa thanki. Mchenga wakuya womwe sunagwedezedwe kwa zaka umakhala ndi malo akuda pansi omwe amanunkha mazira owola. Umenewo ndi mpweya wa hydrogen sulfide, ndipo mukautakasa wonse tsiku limodzi ungaphe nsomba zanu m'maola ochepa. Mukaona mchenga wakuda ukukwera m'paipi, imani pomwepo, madziwo mutaye kunja, ikani makala atsopano osefera, ndipo chigawo chotsatira chidikire mlungu wamawa.